Anatera Asanafike

Namwino anali atagwada pakati pa mipando ya kandege kakang'ono, dzanja lili pamimba pa mayi wodwala. Mwana anali atapingasa, ndipo chipatala chachikulu chinali kuseri kwa mapiri.

Chinyamukireni, chimphepo chinkawakankhira m'mbuyo. Woyendetsa ndege, mwamuna wa mawu ochepa, anayang'ana wotchi, nalemba kanthu pa pepala lomwe linali pantchafu pake.

"Titera pabwalo lili pansipa, tithire mafuta," anatero.

Mwamuna wa mayi uja anamugwira phewa. "Achimwene, mutu ukuyenda bwino? Geji ya mafuta ikuloza pakati iyo. Ndimayendetsa lole ine, musandipusitse."

"Lole ikatha mafuta mumaima m'mbali mwa msewu, bambo. Kuno m'mbali mulibe." Kenaka anacheuka pang'ono. "Anesi, mayiwa angatipatse mphindi makumi awiri?"

Mtima wa namwino unkafuna kukana. Anagwira mkono wa mayiyo, nawerenga kugunda kwa magazi.

"Khumi ndi zisanu."

"Zakwana."

Anatera pafumbi. Injini isanazizire n'komwe, woyendetsayo anali atakwera kale paphiko. Anatsegula thanki, naviika kandodo koyezera. Kanatuluka konyowa kunsonga kokha. Anakaonetsa kwa bambo woyendetsa lole uja.

"Geji yakakamira, mphepo yamwa mafuta," anatero mkulu wothira mafuta, akupukusa mutu. "Mukanagwa denga la chipatala mukuliona."

Namwino ankasuzumira pazenera, thukuta lili kamukamu. Woyendetsa ndege uja sankathamanga, koma panalibe dzanja lake lomwe linapita pachabe. Anathira mapiko onse awiri. Anatapako pang'ono m'kabotolo, naunika padzuwa kuti aone ngati mulibe madzi. Mayi akubuula chotero, iye n'kumaunika botolo! Namwino anafuna kumukalipira, komanso anafuna kumangomuyang'ana mpaka kalekale.

Ananyamukanso patatha mphindi khumi ndi zitatu.

Masana amenewo namwino anatuluka m'chipinda cha opaleshoni, napeza amuna awiriwo atakhala pabenchi limodzi.

"Ndi wamkazi," anatero. "Mayi akenso ali bwino."

Bambo uja anakumbatira woyendetsa ndege. "Mlamu, kuyambira lero geji yanga ndi inu."

Woyendetsayo anaseka koyamba tsiku limenelo. Odwala ena ankadikira kuwodi, koma namwino anaimabe pomwepo, n'kumamasula ndi kumanganso chingwe cha apuloni chomwe chinali chomangika bwinobwino.