Mtondo wa Mumkuyu

"Kokani mpweya, amake Jemima! Kokani mpaka ufike m'mimba!" anatero Amock Nyirenda atatambasula manja ngati mlaliki. Asanatsitse n'komwe manjawo, chifuwa chinamugwira. Anawerama n'kutsokomola mpaka misozi.

Dorica anamusisita mwamuna wake pamsana. Chifuwa chimenechi n'chomwe chinawachotsa kumigodi. Zaka zonse za ntchito yake, Amock ankakhala m'komboni yoyang'anizana ndi chumuni cha ng'anjo yosungunulira kopa, kumene utsi woyabwa pakhosi unkapsereza ngakhale mpiru wa m'dimba. Dokotala sanawabisire mawu: akapitiriza kupuma utsi umenewo, mwana wawo Jemima akwatiwa bambo ake ali kumanda. Ndiye anamanga katundu n'kukwera basi, ulendo wa kwawo ku Lundazi, mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo.

Malo omangapo nyumba ankagawa ndi a Whiteson, tcheyamani wa chipani wa m'deralo, amene nawonso anali asanathe zaka zambiri pabomapo. Anawaonetsa malo awiri. Oyamba anali m'mbali mwa msewu wa ku Chipata, pafupi ndi pamene anthu ankawotcha njerwa. Achiwiri ndi awa, kumunsi kudambo, m'mbali mwa kamtsinje, pamene udzu unali wobiriwira pomwe dziko lonse linali litapsa. Nyumba zingapo zatsopano zinali zitaima kale pamenepo.

Banjali linali ndi muyeso wakewake umene linabwera nawo kuchokera kumigodi. Ankayanika nsalu yoyera tsiku lathunthu, madzulo n'kuona chimene mpweya wasiyapo. Kumsewu kuja nsalu inabwera yofiira ndi fumbi la malole, ikununkha utsi. Kudambo inabwera yoyera mbee. Kwa Amock nkhani inathera pomwepo. Anaumbitsa njerwa, anauza anthu tsiku lokumba maziko, ndipo ankayenda ngati dambo lonselo analilenga ndi iye.

Dorica nayenso anawakonda malowo, tisaname. Madzi anali pakhomo. Koma tsiku limene anabwerera yekha kukachotsa chingwe chimene anayanikapo nsalu ija pamtengo wamkuyu, anakweza maso, ndipo anaona chinthu chimene chinamuimitsa mutu. Pamphanda ya mtengo, pamwamba kuposa pamene dzanja lake likanafika, panali patapanikizika mtondo. Mtondo weniweni wosinjira chimanga, wakale, wong'aluka mbali imodzi.

Pamtsinje panali mayi wina akuchapa, Tryphena, wogulitsa mtedza wa kwa Mwase.

"Monire, amama," anamulonjera Dorica.

"Yewo, monire namwe. Ndimwe alendo a kumigodi aja?"

"Ndife. Nifunseko, kuno mitondo mumasungila m'mitengo?"

Tryphena anaseka mpaka kusiya chochapa. "Uyo ni wa apongozi anga. Unakwela wekha! Chaka chija cha mvula yaikulu, madzi anautenga pakhomo pawo uko kumtunda kwa mtsinje, n'kuzausiya apo."

"Manje anthu onse awa amangilanji pano?"

"Ni obwela monga imwe. Aona zaka za chilala chabe. Ife tikakamba, akuti tili na nsanje na malo. Mlandu wa acheyamani ungaulowelele ndani? Koma madzi saiwala khwawa, amama."

Dorica anakafika kunyumba ya achibale kumene ankagona. Anagwada pafupi ndi mwamuna wake n'kumufotokozera zonse. Amock sanafune n'kumva komwe.

"Mtondo? Nisiye malo abwino chifukwa cha mtondo wa nkhalamba? Mufuna nikafele kumsewu, nikumwa fumbi?"

"Sininakambe za kumsewu, atate ake Jemima."

"Nanga kuti? Ine nakhala pansi pa dziko zaka zonse izi, miyala ili pamutu panga. Ningaope kamtsinje kamene mbuzi ilumpha? Anthu nawaitana kale. Imwe phikani thobwa, za nyumba nisiyileni."

Dorica anapsa mtima, komanso anamumvera chisoni. Ankadziwa kuti mwamuna amene kale ankanyamula zitsulo, lero n'kumapumira panjira yopita kuchimbudzi, anatsala ndi chinthu chimodzi chokha chodzitamira, ndicho malo amene anasankha. Koma nyumba imeneyi inali yoyamba ndi yomaliza. Mphamvu zomangira yachiwiri panalibe. Utsi unali utadya kale theka la munthuyo, ndipo iye sakanalola kuti theka lotsalalo ligone m'chinyezi kudikira mtsinje.

Thobwa anaphikadi. Koma pamene linkazizira, anatenga nsalu yoyera ija n'kukwera kachitunda kamiyala kamene kanali kuseri kwa dambo, kutali ndi msewu. Panali minga ndi miyala yokhayokha, koma mphepo inkawomba kuchokera kuminda. Madzulo nsalu inabwera yoyera. Anapita nayo kwa a Whiteson.

"Pamiyala paja?" anadabwa tcheyamani. "Amayi, ngakhale mbuzi zinapakana. Madzi mukatunga kuti?"

"Mutu nili nawo, acheyamani."

"Tengani. Koma musazabwele kuno kuzalila."

Tsiku lokumba maziko linakwana. Amuna anasonkhana kudambo ndi makasu ndi mapiki, Amock ali patsogolo kukhoma zikhomo. Aliyense amadziwa mwambo wa ntchito yothandizana: pamene mwini ntchito watula mtsuko wa thobwa, pomwepo ndi pamene makasu amagwa. Anthu ankangocheukira kunjira. Kenaka anamuona Dorica akubwera atasenza mtsuko waukulu, Tryphena ali pambuyo ndi mtsuko wina. Anafika pafupi, anawerama pang'ono mwaulemu, n'kudutsa. Sanatule. Analunjika kuchitunda, khosi lili njo, osacheuka.

"Amake Jemima! Mwasokela?" anakuwa Amock.

Mkulu wina anayang'ana dothi louma limene anayenera kukumba, n'kuyang'ana mitsuko ikukwera phiri. Anaika khasu paphewa. "Pepani, a Nyirenda. Ife kukhosi kwauma. Khasu likonkha mtsuko."

Mmodzimmodzi anthu ananyamuka akuseka. Amock anatsala yekha ndi zikhomo zake. Anakwera pambuyo pa onse, akupumira kawirikawiri, nkhope itachita mdima. Atafika, Dorica anamugwadira patsogolo pa anthu ndi chikho m'manja.

"Mwanichititsa manyazi," anatero Amock chapansipansi.

"Niziwa. Munikalipile m'nyumba ikatha. Mpweya wa pano nayesa, ni woyela. Madzi nizatunga nekha, simuzamvapo nikudandaula. Sininakuchotseni mu utsi kuti nikupeleke kwa achule."

Mphepo inkamuwomba Amock kumaso. Kenaka analandira chikho chija, anamwa, n'kuloza ndi ndodo. "Khomo liyang'ane uko," anatero mokweza, ngati maganizo onsewo anali ake.

Nyumba inatha mvula yoyamba isanagwe. Dorica anaudziwa mtengo wa mawu ake. M'mawa uliwonse ankatsika ndi ndowa, n'kukwera thukuta lili kamukamu, amayi a kudambo akumuseka. "Akazi a kumigodi afuna kukhala pafupi na Mulungu!" Masiku ena khosi linkamupweteka mpaka kulephera kucheuka, ndipo ankadzifunsa ngati sanapusitsidwe ndi mtondo wowola. Koma pakamwa pake sipanatuluke dandaulo. Chifuwa cha Amock sichinathe, kungoti chinayamba kumulola kugona mpaka kucha.

Mu Febuluwale mvula inagwa masiku otsatizana osapuma. Tsiku lina chakumasana kunamveka mkokomo, kenaka mfuu ya anthu. Kamtsinje kaja kanali katadzaza dambo lonse, madzi ofiira akulowa m'makomo, nkhuku ndi mabeseni zikuyandama. Zikhomo za Amock sizinkaoneka n'komwe.

"Bwelani kuno! Kwelani kwa Nyirenda!" anakuwa Amock. Dorica asanamugwire, munthu anali atatsika kale.

Anthu anayamba kufika atanyowa, ana kumsana, mphasa pamutu. Dorica anatsegula zitseko zonse, anasonkha moto m'khitchini, n'kuwalandira amayi omwe aja ankamuseka, osawakumbutsa kanthu. Koma maso ake anali kunjira.

Anamuona Amock pomaliza. Ankakwera pang'onopang'ono mumvula, thumba la chimanga cha eni ake lili paphewa, kamwana kena katamugwira lamba. Sanaime panjira. Atafika pakhonde anatula thumba lija n'kuwongoka, akupuma mwamphamvu. Dorica anaima chilili, kudikira chifuwa chimene ankachidziwa ngati dzina lake. Anadikira. Amock anangopukuta madzi kumaso.

"Ada, munaziwa bwanji kumanga pano?" anafunsa bambo wina akunjenjemera ndi kuzizira.

Amock anayang'ana mkazi wake, anthu onse akumva.

"Ine? Ine nikanamila namwe pamodzi. Funsani amayi awa, ndiwo eni nyumba."

Dorica anaweramitsa nkhope monga mwa ulemu, koma kumwetulira kunamukana kubisika. Mwamuna wake anali atatembenuka kale, akutsikanso kukatenga thumba lina.