Fivafyu wa Apongozi

Apongozi ena anali ndi chomera chawo m'ndowa yobooka pakhonde, dzina lake fivafyu, cha timaluwa toyera tachikasu pakati. Masamba ake kuwawa ngati ndulu. Kaya thupi latentha, kaya mutu waching'alang'ala, mankhwala anali omwewo, moti m'nyumbamo munthu ankaopa ngakhale kuyetsemula.

Tsono mkazi wa mwana wawo anali woyembekezera, koma mwakachetechete. Mimba yoyamba inapita padera atauza kale mtundu wonse, ndipo mapepeso a anthu anamupweteka kuposa china chilichonse. Ulendo uno anapangana ndi mwamuna wake kuti pakamwa atseke. Tsoka ilo, m'mawa wina akutsuka mbale anagwira pachipumi.

"Mutu eti, mwanangu? Khala pansi," anatero apongozi.

Posakhalitsa kapu inafika ikufuka nthunzi, fungo lija lili guu. Mtsikanayo thukuta linamutuluka, poti apongozi omwewo ankanena kawirikawiri kuti fivafyu samwa munthu wapakati.

"Ndimwa akazizira, amayi."

Atangotembenuka, iye anakhuthulira musinki. Mawa lake kapu ina anaikhuthulira pamaluwa. Koma nkhalamba siinamizidwa kawiri kawiri. Tsiku lotsatira anakoka mpando n'kukhala naye maso ndi maso.

"Sinki yachira, maluwa achira, watsala iwe. Imwa ndikuona."

Anati yatentha, iwo anauzira. Anati yawawa, iwo anati sunalawe n'komwe. Mabodza anamuthera mwana wa eni.

"Amayi, sindingamwe. Ndili ndi pakati, ndipo ndikuopa."

Apongozi anatenga kapu ija, anathiramo shuga, n'kumwa mosatekeseka.

"Tiyi wamba uyu. Tsamba ndimangolitikita kunja kwa kapu kuti linunkhe. Ine ndingamwetse mdzukulu wanga fivafyu? Ndinadziwa tsiku lija unathawa fungo la anyezi."

Mtsikanayo sanadziwe kuti aseke kapena akwiye, ndiye anangolira. Apongozi anamugwira dzanja.

"Ndinataya awiri ndisanabereke mwamuna wakoyu, ndipo ndinalira ndekha kubafa. Iwe, kaya zitha bwanji, sukhala wekha."

Kenaka anadzuka, anapita pakhonde n'kuyamba kuthyola masamba, dzanja lonse thoo.

"Nanga amenewo ndi a yani, amayi?"

"A mwamuna wako. Munthu wobisira mayi ake nkhani yotere, mutu wake suli bwino."