Fungo la M'thanki

Atangotsegula kampopi ka pathanki, Namabotolo anagwira pakamwa n'kuthamangira kusinki. Anasanza mpaka misozi. Podzutsa mutu anapeza abwana ake, amene aliyense mu labotale ankangowatchula kuti Adazi, ataima pakhomo, magalasi ali pamphumi.

M'thankimo munali mabakiteriya amene mtsikanayu anawasintha chibadwa kuti azidya mpweya wa utsi wa m'mafakitale n'kumatulutsa mafuta onunkhiritsa sopo. Zaka zinapita akungodya osabweza kanthu, ngati mlamu wa ulova. Tsono sabata imeneyi anayamba kugwira ntchito, ndipo fungo lawo, lokoma kwa wina aliyense, iye linkamuvundula m'mimba. Anali ndi pakati, koma kuntchito sanauze munthu. Ankaopa kuti abwana akadziwa amulanda thankiyo n'kuipereka kwa wina, ulemu wonse n'kupita nawo.

"Ndadya zosayenera," anatero akupukuta pakamwa.

"Dzulonso munadya zomwezo?" anafunsa Adazi. "Mayi, kwathu ndili ndi ana aakazi okhaokha, ndipo onse anabereka. Maso angawa ngofooka pa zilembo basi."

Namabotolo anakhala pansi.

"Chonde bambo, musandichotse. Tizilomboti ndinatilera ndekha. Ndikudziwa nthawi imene timafuna mpweya, ndikudziwa tikayamba kunyanyala. Ndizivala chophimba kumphuno."

"Mwavala kale ziwiri, taonani mmene zakuthandizirani."

Namabotolo anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. Adazi anamumvera chisoni, pakuti ankakumbukira mmene mtsikanayu ankafikira m'mamawa kudzalankhula ndi thankiyo ngati imamva.

Mkuluyo anatuluka. Anabwerera akukoka tebulo, miyendo yake ikulira pasimenti, n'kukaliika m'kachipinda ka pafupi, kumene windo la galasi linkaonetsa thanki yonse. Anabweretsanso kompyuta ndi mpando wake womwe, wofewa uja, umene sankalola munthu kuukhudza.

"Mutu umodzi susenza denga," anatero. "Inu muzikhala uko n'kumalamula. Mphuno ndi manja zikhala zanga. Thanki ndi yanu, dzinanso likhala lanu."

"Inuyo bambo? Munasiya liti kugwira mabotolo?"

"Musanabadwe. Ndiye muzindikalipira bwino, ndine wokalamba."

Namabotolo analowa m'kachipindako n'kutseka chitseko. Mseru unayamba kutsika. Kuseri kwa galasi anaona Adazi akulimbana ndi magolovesi, chala chachikulu chitalowa molakwika, kenako akuweramira pa kampopi, botolo lili m'manja.

Namabotolo anagogoda pagalasi.

"Osati kameneko bambo, kenako. Ndipo muyambe mwapukuta ndi mankhwala."

"Chabwino, abwana," anayankha Adazi, n'kutenga thonje.