Nyimbo Yopanda Ovomera

Lamulungu masana, atabwera kutchalitchi, a m'banja la a Steward ku Mwadzama anasonkhana pabalaza, mawindo atatseka kuti kanema azioneka bwino. Mwana wawo Fyness, amene anapita ku Joni kukaphunzira zoyimba, anali atatumiza fulashi kudzera mwa dalaivala wina wa thiraki. M'menemo munali sewero limene anthu salankhula koma kuyimba kokhakokha, lija eni ake amati opera, ndipo Fyness anali nawo m'sewerolo.

Mayi ake, a Rute, anakhala pamphasa kutsogolo kwenikweni. Alamu awo, a Fidelis, anati iwo angobwera kudzaona ngati mwanayo wanenepa. Sewero litayamba, bambo wina wandevu anakuwa motalika m'chinenero chimene panalibe anachimva, ndipo a Fidelis anafunsa ngati mkuluyo waponda linthumbu. Onse anaseka, a Rute omwe.

Kenako Fyness anatulukira atavala diresi loyera lokwekwera pansi. Anzake onse anachoka mmodzimmodzi, iye n'kutsala yekha pakati. Anayamba kuyimba, mawu akukwera bwinobwino ngati utsi wa m'mawa kopanda mphepo.

A Rute anali atatsogolera nyimbo za chimtali zaka zambiri, choncho khutu lawo linkadziwa pamene woyimba amapumira kuti anzake avomere. Fyness anapumira. Palibe anavomera. Anapumiranso kachiwiri, kuli zii. Kanema anaonetsa anthu oonerera: khamu lalikulu lili mumdima, manja ali pamiyendo, popanda ndi mmodzi yemwe woomba m'manja kapena kululutira. Mkulu wina anali atatseka maso.

Chete ameneyu a Rute ankamudziwa. Atangokwatiwa kumene kuchokera ku Dwangwa, anayambitsapo nyimbo paukwati wina, amayi a m'mudzi n'kupangana kuti asamuvomere mlendo. Anayimba okha mpaka mawu anawathera pakhosi. Zaka zapita, amayi omwewo ndi anzawo a pamtondo tsopano, koma manyazi a tsiku limenelo sanachoke.

Nyimbo ili pakati, kanema anathima. Kunali mitambo kuyambira dzulo lake, ndipo batire ya sola inali itatha.

"Mwana wanga akumusala," anatero a Rute chapansipansi.

A Steward anayesa kunena kuti mwina kumeneko amaonera choncho. A Fidelis anawonjeza kuti mwina anthuwo anali asanadye. Koma a Rute sanasekenso. Anati kulibe dziko limene munthu angayimbe chotero anthu n'kungomuyang'ana ngati mbuzi yogulitsa, ndipo Fyness akamanena pafoni kuti zonse zili bwino, amangobisa.

"Bambo a Fyness, ndimuuza abwereko. Kuno ovomera alipo."

Onse ankadziwa kuti Fyness sakana mawu a mayi ake, ndiponso kuti kwangotsala chaka chimodzi kuti amalize sukulu. A Steward sanatsutse. Anangopempha kuti foniyo idikire kaye mpaka batire itadzaza, aone mapeto ake. A Rute anavomera, koma madzulo amenewo anangolawa chakudya n'kusiya.

M'mawa mwake dzuwa linatuluka. A Rute anayanika mpunga pabwalo, ndipo pofika masana a Steward anayatsa kanema, n'kubweza pamene Fyness anatsala yekha. Kenako anatuluka, akuti akukakonza mpini wa khasu.

A Rute anatsala okha ndi mwana wawo. Fyness atapumira koyamba, iwo anapirira. Atapumira kachiwiri, analephera. Mawu a nyimboyo sankawadziwa, koma njira yake anali ataigwira kale, ndiye anavomera ndi mawu a pansi, monga amachitira amayi a kumbuyo kwa bwalo. Anapita naye limodzi chomwecho, mwana akukwera, mayi akumuchirikiza, mpaka nyimbo inatha.

Kunakhala chete pang'ono. Kenako khamu lonse la m'kanema lija linaphulika ndi chisangalalo. Anthu anaimirira akuomba m'manja, ena akukuwa, ndipo mkulu wotseka maso uja ankapukuta misozi ndi kansalu. Maluwa anagwa pamapazi a Fyness. Kuombako kunatenga nthawi yaitali, mwana akugwada, kuchoka, kubweranso.

A Steward anali ataima pakhomo, khasu lili m'manja, mpini wake uli bwinobwino.

"Ndiye amasunga zonse mpaka pamapeto?" anafunsa a Rute.

"Zikuoneka choncho, amake Fyness."

"Kuumira kwake," anatero a Rute.

Anapempha foni, a Steward n'kuwadinira poti ajambule mawu opita kwa Fyness. A Rute anakonza kukhosi. Anauza Fyness kuti onse ali bwino, mpunga wacha, ndipo a Fidelis akuti wawonda. Kenako anati amalize sukulu yakeyo asadere nkhawa za kumudzi, koma akamapumira m'nyimbo muja asamafulumire kwambiri, chifukwa kuno kuli munthu amene akuvomera.

Atabweza foni, anamva phokoso pabwalo. Nkhuku za a Fidelis zinali zitalowa mumpunga. A Rute anatola kamtengo n'kutuluka kukaziingitsa, nyimbo ija idakali pamilomo.