Supuni ya Bambo ndi Galu Wanzeru

Zoti Chikasu ankathothoka ubweya, sindikana. Ukakhala pa mpando kwa achimwene utavala siketi yakuda, unkadzuka uli ngati wagona m'khola. Akanyowa ndi mvula ankanunkha, ankadya ngati munthu wosenza njerwa, ndipo wakuba akanalowa, akanamuperekeza mpaka kuchipinda akugwedeza mchira. Agalu a mtundu wake, golideni ritiriva, ndi otero: thupi lalikulu, mtima wa mwana. Koma anali galu wa bambo, ndipo chidwalireni sitiroko n'kusamukira kwa achimwene, bambo analibe wina wokhala nawo pafupi tsiku lonse.

Nkhani ya galu wa mtundu wa pudulo inayamba alamu anga, akazi a achimwene, atagula sofa yoyera. Ndikapita kukaona bambo Lamulungu, ankanditulutsira foni ndisanakhale n'komwe pansi.

"Taonani alamu, pudulo sathothoka ubweya. Pa nzeru akuti amaposa pafupifupi agalu onse. Uyu wa adadiyu ndi chitsiru chosekerera aliyense."

Ine ndimagwira ntchito mu saluni, ndiye nditaona chithunzicho ndinati ameneyu si galu, ndi kasitomala. Kamutu kozungulira, timiyendo tometa, kampira kumchira. Ndinawauza kuti ubweya umene sugwa wokha umafuna sizasi mwezi ndi mwezi, ndipo asadzandibweretsere ine. Anaseka, nanenso ndinaseka, ndikumayesa macheza.

Lamulungu lina ndinatsegula geti koma palibe anandithamangira. Mbale yaikulu ya pakhonde inali yotsuka, atayivundikira. Pabalaza, pa sofa yoyera ija, panali kagalu konga kankhosa, kovala riboni, kakundiyang'ana ngati ndabwera kudzapempha ntchito.

"Ameneyu ndi Dona," anatero alamu.

"Chikasu ali kuti?"

Achimwene sanachotse maso pa TV. "Wapita kufamu kwa mnzanga wakuntchito. Kuli malo othamanga. Usayambe, iwe."

"Famu yake iti?"

"Kutali. Komanso tinawafunsa adadi. Anavomera okha."

Apa m'pamene magazi anga anawira. Sitiroko inawalanda bambo dzanja lamanja, mwendo, ndi mawu onse kupatula limodzi: chabwino. Akamva ludzu, chabwino. Namwino akawabaya jakisoni, chabwino. Amamva zonse, mutu uli bwinobwino, koma pakamwa pamangotuluka liwu lomwelo. Achimwene amadziwa zimenezi kuposa ine, pakuti ndi amene amapita nawo kuchipatala.

Ndinalowa kuchipinda, n'kuwakankha bambo pa mpando wawo wamatayala mpaka pakati pa balaza. Anali ataonda kumaso, ndipo m'dzanja lamanzere anali atafumbata supuni ya tiyi ngakhale nthawi ya tiyi inali itadutsa kalekale.

"Adadi, galimoto ya achimwene ndikaigulitse mawa?"

"Chabwino."

"Nanga sofa iyi, tiiwotche?"

"Chabwino."

"Mwamva nokha, avomera. Alamu, machesi mumasunga pati?"

Achimwene anazimitsa TV. "Usasewere ndi matenda a adadi, wamva?"

"Wosewera nawo ndine? Inu munapita kwa munthu amene sangathe kunena kuti ayi, n'kumufunsa funso. Mulibe manyazi, achimwene? Mukanangomuba galuyo, ndikanakupatsaniko ulemu."

Alamu anaimirira, manja m'chiuno. "Alamu, inu mumabwera Lamulungu lokha, nthochi m'manja. Wosesa ndine, wochapa zofunda ndine, wochotsa ubweya m'chakudya ndine." Zinandibaya, chifukwa zinali zoona. Akanalekera pomwepo mwina ndikanatseka pakamwa. Koma anapitiriza. "Ndipo galu uja ankawalekerera. Adadi amagwetsa supuni dala. Dala! Chikasu ankatola, iwo n'kugwetsanso, tsiku lonse ngwe, ngwe, supuni ili malovu okhaokha. Dona anatola kawiri, kachitatu anazindikira kuti akumupusitsa. Nzeru ndi zimenezo."

Asanamalize, supuni inalira pa matailosi.

Dona anaiyang'ana, n'kuyang'ana bambo, n'kuyasamula. Wanzerudi, sindingamunamizire. Ndinagwada ine, n'kutola supuni ija, n'kuibwezera m'dzanja mwawo. Bambo anaiika pamwendo, dzanja lawo linatsika pang'onopang'ono m'mbali mwa mpando, likupapasa pamene mutu wa galu wamkulu umafika. Linapeza tsitsi langa. Anandisisita kuseri kwa khutu, ndipo misozi inkatsika mbali imodzi ya nkhope.

Munthu amene sangathe kuitana dzina anali atapeza njira yoitanira. Supuni ija inali pakamwa pawo, ndipo m'nyumba monse chitsiru chokha n'chimene chinkayankha. Ndinalira ndili chogwada, ndipo sindinabise, chifukwa unali mkwiyo wokhawokha.

"Ndipatseni nambala ya mnzanuyo," ndinatero.

"Ana ake amuzolowera kale," anatero achimwene. "Nyumba ino ndi yanga. Ukufuna galu, katenge, koma utengenso adadi ukakhale nawo kwako."

Ankadziwa pamene akubaya. Ine ndimachita lendi chipinda chimodzi chapamwamba pa shopu ya matayala, masitepe ake ndi opapatiza moti mpando wa bambo sungakwere, ndipo alandilodi salola ngakhale mphaka.

Masana onsewo ndinakhala pansi m'mbali mwa mpando wa bambo. Akagwetsa, ndinkatola. Akagwetsanso, ndinkatolanso. Maondo anandiwawa, ndipo matailosi anali oyera bwino, opanda kaubweya ngakhale kamodzi. Dona anakhuta kutionerera, anagona. Alamu ankadutsa ndi mbale osayang'ana kumene tinali, achimwene anatuluka kukatsuka galimoto imene inali yoyera kale.

Dzuwa litapendeka ndinaimirira, chifukwa Lolemba saluni ndimatsegula ndine, ndipo basi ya kwathu sidikira munthu. Ndinawapukuta bambo kumaso, n'kuwauza kuti ndidzabwera Lamulungu. Anangofinya supuni ija m'dzanja.

Nditagwira chitseko, inalira kumbuyo kwanga. Ngwe.

"Musatole, alamu," anatero alamu ali kukhitchini. "Inu mukupita. Asiyeni azolowere."

Ndinatembenuka. Bambo sankayang'ana ine, sankayang'ananso supuni. Ankayang'ana khomo la pakhonde, dzanja lili lendelende m'mbali mwa mpando, akudikira. Ndinatuluka supuni ili pansi.