Gasi wa Malemu Octavian

Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikugawa msuzi m'chipinda cha pansi pa tchalitchi chathu ku Rahova, mu Bucharest muno, ndipo musandifunse chomwe ndapindula. Mawondo otupa basi. Sitilipidwa ife. Timaphikira anthu pafupifupi makumi asanu ndi atatu: ogona mumsewu, okalamba amene penshoni yawo imathera ku mankhwala, ndi zidakwa zingapo zimene Mulungu yekha ndiye amazipirira.

Kuphika si nkhani. Chotopetsa ndi kupempha. Ndaimapo pakhomo pa sitolo, kabokosi kali m'manja mpaka zala kuuma, anthu akundilambalala ngati ndili ndi mphere. Tagulitsapo makeke, taimbitsapo kwaya. Chaka chatha zonse zinakanika. Mu Novembala, Tudora, yemwe amatsogolera gulu lathu, anandiuza mosapsatira kuti Khirisimasi ikangodutsa tikutseka, chifukwa gasi wophikira sitimukwanitsanso.

Sabata yomweyo kunabwera mayi Smaranda, atavala zakuda zokhazokha. Amuna awo, a Octavian, munthu wachuma yemwe ankagula nyumba zakale n'kumazigulitsa, anali atamwalira, ndipo masiku makumi anayi okumbukira maliro anali pafupi kukwana. Mayiwo ankafuna kudzagawira kwathu chakudya cha mzimu wa malemu. Mwambo wake ndi womwe uja: wopereka amatchula dzina la womwalira, wolandira n'kuyankha kuti, "Mulungu amukhululukire." Popanda yankho limenelo, chakudyacho sichimufika wakufayo.

"Ndikaona kuti anthu anu ndi oyamika," anatero mayi Smaranda akuvula magolovesi, "gasi ndi nyemba mpaka Isitala zili kwa ine. Koma mbale ndipereka ndekha, ndipo ndikufuna kumva pakamwa pa aliyense. Octavian wanga ndimamulota ali ndi njala."

Tudora anatsala pang'ono kuwagwadira. Ine mtima unangoti myuu, chifukwa ndinakumbukira bambo Ilarie.

Bambo Ilarie ndi mkulu wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi kanthu, kale ankakonza mawotchi. Anakhala zaka makumi atatu m'zipinda ziwiri za nyumba ina yakale ndi akazi awo, a Anghelina. Nyumbayo anaigula Octavian yemweyu. Anthu atakana kutuluka, anatumiza amisiri kukazula zitseko ndi mawindo pakati pa Januwale, chisanu chili pachimake. A Anghelina chinawagwira chibayo, ndipo mwezi wa Malichi sanauone. Kuyambira pamenepo mkuluyo ankagona kumalo ogonetsako osowa pokhala, n'kumadya kwathu. Mano alibe, ndiye ndinkawasungira m'kati mwa buledi mofewamo. Iwo ankanditcha Mayi Chipande.

Litatsala tsiku limodzi ndinawakokera pambali.

"Bambo Ilarie, mawa musabwere. Chakudya ndikubweretserani ku siteji ya basi."

"Bwanji, Mayi Chipande? Mwayamba kusankha okongola okhaokha?"

Ndinawauza zonse. Anatolera nyenyeswa za buledi ndi chala.

"Ndiye ndibisale? Anandithamangitsa ali moyo, andithamangitsenso ali m'manda? Ndibwera ine."

"Mukabwera, munene mawuwo."

"Sindinena."

Apo ndiye ndinapsa mtima, ndipo ndikapsa mtima pakamwa panga sipakhala chotsekera. "Mawu awiri okha, bambo! Ine ndimathokoza mbava tsiku ndi tsiku kuti inu mudye, mukuyesa zimandikomera? Taonani anzanuwa. Mu Januwale adzadya kunyada kwanu? A Anghelina anapita, bambo, kukana kwanu sikuwadzutsa!"

Mawu omalizawa ndimanong'oneza nawo bondo mpaka lero. Mkuluyo anavala chipewa n'kukwera masitepe pang'onopang'ono, atagwira khoma.

M'mawa mwake tinayamba kusenda mbatatesi kusanache bwinobwino. Mayi Smaranda anabweretsa nyama ya nkhumba, mavalo a kabichi okulungamo mpunga, ndi thireyi lalikulu la koliva, tirigu wowiritsa uja wothira shuga ndi mtedza. Wansembe anapemphera, anafukiza lubani mpaka tonse kutsokomola. Kenako mayiwo anaima pamalo panga, ine ndikuwapatsira mbale, iliyonse ili ndi kakandulo koyaka.

"Cha mzimu wa Octavian."

"Mulungu amukhululukire."

Mzere unkayenda bwino. Anthu athu mawu amenewa anawazolowera, ena amayankha asanalimve n'komwe dzina. Ndinayamba kuganiza kuti mwina mkulu uja wandimvera chisoni. Kenako ndinawaona pakati pa mzere, atameta ndevu, atamanga ngakhale tayi.

Anafika. Mayi Smaranda sankawadziwa, nanga akanawadziwira kuti? Anatambasula mbale.

"Cha mzimu wa Octavian."

Bambo Ilarie anangoti duu, maso ali pa kandulo.

"Cha mzimu wa Octavian, bambo," anabwereza mayiwo mokweza, poganiza kuti mkuluyo samva.

"Fulumirani agogo, mukupemphera kapena mwagona?" wina anakuwa kumbuyo. "Nyama ikuzizira iyi!"

Mkuluyo anatembenuka n'kuuyang'ana mzere wonse mpaka kumasitepe: amayi onyamula majumbo, madoda ovala nsapato zomanga ndi waya, onse maso ali pa poto. Atatero anandiyang'ana ine. Ndinazolika.

"Mulungu amukhululukire," anatero, mawu omveka bwino mpaka kumbuyo.

Mayi Smaranda misozi inalengeza. Anawagwira dzanja mkuluyo n'kutembenukira kwa ine. "Mwamva, mayi Veturia? Awa ndiye anena kuchokera pansi pa mtima."

Bambo Ilarie ananyamula mbale ija ndi manja awiri, anakaiika pa tebulo pamalo pawo pa masiku onse, anazimitsa kandulo ndi zala, n'kutuluka. Supuni sanaikhudze. Mbaleyo inadyedwa ndi wina asanafike n'komwe pamsewu.

Mayi Smaranda anasunga lonjezo, zimenezo sindiwanamizira. Tinaphika nyengo yonse yozizira, ngakhale masiku aja chipale chofewa chinatseka misewu. Tudora ankangoti, "Mulungu anatikumbukira, Veturia," ine n'kumavomera ndi mutu. Buledi wofewa ndinkasungabe m'thumba la epuloni, madzulo n'kukamwazira nkhunda. Mkulu uja sanabwerenso.

Ndinawapeza mu Febuluwale, pa siteji ya basi kuseri kwa msika, atakhala pa benchi ndi kajumbo ka maapozi oyamba kuola omwe amalonda amataya. Anali atatha, khosi ngati la nkhuku yosolola nthenga. Ndinachita manyazi, moti tsiku limenelo ndinangodutsa. M'mawa mwake ndinathira msuzi wa nyemba m'botolo, ndinalikulunga ndi thaulo, n'kuyenda ndi mawondo angawa mpaka pa sitejipo.

"Mayi Chipande," anatero akumwetulira ndi nkhama zokhazokha. "Mwakalamba bwanji!"

"Mwandikalambitsa ndinu. Landirani, ukadali wotentha."

Anatambasula manja. Fungo la msuzi linkatuluka m'thaulomo. Koma asanaligwire botololo anaima.

"Mwaphikira gasi wa ndani?"

Ndikanatha kunama. Pa ntchito imeneyi ndanama kambirimbiri, kwa olemera ndi kwa osauka omwe. Ndikanangoti ndaphikira kunyumba, iwo akanadya, mwina akudziwa, mwina osadziwa. Koma ndinali nditawachititsa kale kunena bodza kamodzi pamaso pa anthu onse, ndipo ndinali nditatopa kwambiri. Pakamwa panga pamene sipatsekeka paja panakana kutseguka.

Bambo Ilarie anagwedeza mutu pang'ono, anabweza manja awo n'kuwapisa m'matumba a jekete.

"Kapatseni wina, mwana wanga," anatero. "Ine ndinalipira kale mbale yanga."

Ndinabwerera nalo botololo nditalikumbatira pachifuwa, likundiotcha njira yonse. Nditafika, mzere unali utayamba kale kutsika masitepe, ndipo Tudora ankakuwa kuti ndinali kuti nthawi yonseyi.