Pamene Singano Inakanda

Mayi wa saluni ija ya pafupi ndi siteji ya mabasi analowa m'shopu ya mlamu wake, wokonza makompyuta, atafungatira laputopu ngati mwana wodwala malungo. Chipeso chinali chikadali m'tsitsi.

"Alamu, ndafa ine! Yayamba kulira tiki-tiki-tiki, vidiyo ya mdzukulu wanga ikukana kutseguka. Ndiye asewere akubwera lero lomwe kudzaionera."

Nkhani yake inali yotere. Tsiku limene kamdzukulu kanayamba kuyenda, agogo onse awiri anagwada, manja tambasu, aliyense akukaitana. Mayi wa saluni ankalumbira kuti kanafikira kwa iye. Asewere ake, amayi a mkazi wa mwana wake, ankati bodza lamkunkhuniza. Mboni inali vidiyo imodzi yokhayo, chifukwa foni imene inajambula inagwera m'madzi kalekale.

Mlamu anatchera khutu pa laputopuyo. "Achemwali, mumaimenya?"

"Ine? Ndimaikonda kuposa amuna anga."

"Nanga makasitomala mumawaonetsa bwanji?"

"Ndimazungulira nayo saluni yonse. Kamwana kakangondifikira, ndimadumpha, nthungululu, kenako kagule pang'ono."

"Ili choyaka?"

"Nanga ndivine ndi chozima?"

Mlamu anaseka mpaka magalasi kutsetserekera pamphuno. Anati m'kati mwa hadi disiki muli kambale kozungulira mwaliwiro, ndipo kasingano kowerenga kamayandama pamwamba pake osakhudza. Ukaigwedeza ili pantchito, singano imagunda kambaleko n'kukanda, ndipo pokandikapo sipawerengekanso.

Anachotsa disikiyo, n'kuilumikiza ku kompyuta yake. Pagalasi panayamba kudzaza timabokosi tobiriwira, mzere ndi mzere. Mayiyo ankaombera m'manja kalikonse ngati chigoli. Kenako kofiira, kosonyeza pokandika, kanatulukira. Kena. Kenanso, tothithikana pamodzi ngati nsikidzi.

"Tipheni tofiirato, alamu!"

"Sitifa. Choyamba tisamutse zonse zowerengeka kupita pa disiki ina, popeza iyi ikhoza kutsirizika tikuiyang'ana. Tikatero ndiuza kompyuta kuti malo ovulalawo iziwalambalala. Koma ikayamba kulira chonchi, musaikhulupirirenso. Ndipo chinthu chokondedwa muzichisunga pawiri."

Kusamutsako kunachedwa. Pakafika pofiira, makina ankayesa, kuyesanso, n'kudumpha. Mayiyo anapemphera, anaimba, anamulonjeza mlamu kumuluka tsitsi ulere ngakhale mutu wake unali dazi lokhalokha. Vidiyo itaoneka pa disiki yatsopano, anamunyamula mlamuyo m'chiuno, miyendo lendee.

Asewere anafika ali m'diresi la kutchalitchi, atauzidwa kusaluni kumene mnzawo wathawira. Anakhala pampando wa makasitomala, chikwama pamiyendo.

"Ndamva kuti umboni wadwala," anatero. "Umadwalatu ukamva kuti khoti layandikira."

"Wachira, asewere. Pukutani magalasi."

Mlamu anaitsegula. Kamwana kaja, thewera lili lende, kanasiya mwendo wa tebulo. Phazi limodzi. Dzandi. Lina. Uku agogo, uku agogo, onse akukuwa ngati ogulitsa pamsika. Kanatembenuzira mutu kwa mayi wa saluni, kananyamula phazi.

"Onani! Onani!"

Chithunzi chinaima. Nkhope ya mwana inasweka timabokosi, mawu anati krrr. Pamene vidiyo inapitirira, kamwanako kanali kale m'manja mwa asewere, kakuwakoka ndolo.

Mayi wa saluni anadzambatuka, akukuwa.

"Ayi! Apo n'kuti nditawapatsira ine! Alamu, bwezani pakatipo!"

Mlamu anali atagwira pamimba ndi kuseka, misozi ili mbwee. "Achemwali, mumadumpha nthawi iti?"

"Kakandifikira."

"Ndiye singano imakhala ikuwerenga pati?"

Apa mayiyo anazindikira. Chigoli chake anachifufuta yekha, ndi gule wake yemwe, tsiku ndi tsiku, pamalo amodzimodziwo. Kuseka kunamuyambira m'mimba, kunakwera mpaka anakhala pansi pakati pa mawaya.

Asewere anaimirira mwaulemu wonse, anakonza diresi, n'kuimba nthungululu imene inaimitsa wogulitsa nyuzipepala panja. Kenako anapisa m'chikwama n'kutulutsa fulashi yatsopano, ikadali m'pepala lake.

"Bambo, ndimamva kuti zinthu zofunika sizisungidwa malo amodzi. Ndiikireni muno. Ina mutumize pafoni yanga, ina kwa abusa."

"Asewere, ndinu mfiti," anatero mayi wa saluni ali pansi pomwepo, akupukuta misozi. "Koma kamwanako sikanayambe kulankhula. Tionana pa liwu loyamba."